Malitimita ya DT830B pa Hilux Yakale: Pomwe Inandithandiza ndi Pomwe Inalephera

Ndimayendetsa Toyota Hilux ya mtundu wa LN106, ya injini ya dizilo ya 2.8 yomwe amakaniko amaitchula kuti 3L, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kunyamula mbatata ya kachewere ndi kabichi kuchokera ku Dedza ndi ku Lizulu kupita nazo ku misika ya mu Lilongwe. Mapikiapu a mtundu umenewu anapangidwa pakati pa 1988 ndi 1997, kotero palibe ngakhale imodzi yomwe ili ndi zaka zochepera 25. Za injini yake sindidandaula konse, chifukwa ikapatsidwa oilo wabwino pa nthawi yake imangoyenda. Chomwe chimakalamba msanga pa galimoto zimenezi ndi mawaya: pulasitiki yokuta waya imauma n'kusweka, mano a mapulagi amachita dzimbiri lobiriwira, ndipo aliyense amene anakhalapo mwini galimoto amasiya mfundo zake za tepi pansi pa dashibodi.

Ulendo wanga umayamba cha m'ma 3 koloko m'bandakucha. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mu June ndi July kuzizira kwa kumeneko kumalowa mpaka m'mafupa. Koma chomwe chimandiopsa si kuzizira kwa thupi ayi, chifukwa chimenecho jekete limatha nacho. Chomwe chimandiopsa ndi nthunzi yomwe imakuta galasi lakutsogolo m'kati mwa galimoto, pomwe kunja nakonso kuli nkhungu. Kuyenda makilomita pafupifupi 85 a msewu wa M1 dzanja limodzi lili pa chiwongolero, lina likupukuta galasi ndi nsanza, pomwe m'mbali mwa msewu muli anthu a njinga zopanda nyali, ndi kuika moyo wa anthu pa chiswe. N'chifukwa chake hita ya pikiapu yanga itafa ndinaona kuti iyenera kukonzedwa sabata yomweyo. Ndifotokozeretu kuti ndikamati hita ndikunena chipangizo chotenthetsa mpweya m'kati mwa galimoto, popeza kwathu kuno ambiri akamva mawuwa pa galimoto ya dizilo amayamba aganiza za mahita pulagi othandiza kulizira injini m'mawa. Amenewonso ndiwakhudza, chifukwa malitimita ya DT830B, kachipangizo koyezera magetsi komwe ndikukamba m'nkhani ino, inafikanso kumeneko.

Vuto linabwera pang'onopang'ono. Poyamba fani inasiya kuzungulira pa masipidi otsika n'kumagwira pa sipidi yomaliza yokha. Patapita miyezi iwiri nayonso sipidi yomalizayo inayamba kumadukiza, kenaka inasiyiratu. Kuwonjezera apo, ngakhale masiku omwe fani inkazungulira, mpweya womwe unkatuluka unali wofunda pang'ono chabe. Mitengo ya zipangizo za galimoto inakwera kwambiri kuchokera pomwe ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo njira yogula chipangizo chimodzi chimodzi n'kumayesa ngati vuto latha inali yoti sindingaikwanitse. Ndinaganiza zoyamba ndapeza chomwe chafa ndisanagule kalikonse, ndipo ndi mmene ndinagulira malitimita ya DT830B mu sitolo ina ya zamagetsi ku Malangalanga, pa mtengo wosafika wa malita ochepa a dizilo.

DT830B si dzina la kampani. Ndi dzina la kapangidwe komwe mafakitale ambiri amapanga, ndipo mudzaipeza yachikasu kapena yakuda, ili ndi maina osiyanasiyana pamwamba pake, koma m'kati mwake ndi chinthu chimodzimodzi. Ndi yaing'ono yokwana m'thumba la shati, imagwiritsa ntchito batire la 9V, ndipo sikirini yake imawerenga mpaka 1999. Pakati pake pali chopotokola chosankhira chomwe mukufuna kuyeza. Pa ma volt a magetsi a batire ili ndi magawo oyambira pa 200mV mpaka 1000V, pa ma ohm (muyeso wa mmene chinthu chikukanira magetsi kudutsa) oyambira pa 200 mpaka 2000k, ndipo pa ma amp (kuchuluka kwa magetsi odutsa) ili ndi magawo ang'onoang'ono ofika 200mA ndi bowo lina lapadera la 10A. Ilinso ndi poyezera ma diode ndi ma transistor, koma pomalizapa mwini pikiapu sadzapakhudza. Siisankha yokha gawo loyezera, kotero pa galimoto ya 12V muyenera kuika chopotokola pa 20V, ndipo pamenepo imakupatsani manambala awiri pambuyo pa kadontho, zomwe ndi zokwanira pa ntchito iliyonse ya pa galimoto.

Pa kuyeza ma volt ndi pomwe kachipangizoka kanandibwezera ndalama yanga. Batire lodzaza bwino, injini itazimitsidwa kwa maola angapo, liyenera kuonetsa pafupifupi 12.6V, ndipo likaonetsa 12.2V ndiye kuti latsala ndi theka la mphamvu zake. Injini ikamalira, alitaneta, yomwe imatchaja batire, ikakhala yabwino imakweza nambalayo kufika pakati pa 13.8V ndi 14.4V. Ndinayerekeza zomwe malitimita yanga inaonetsa ndi zomwe inaonetsa mita yodula ya wokonza zamagetsi wina pa batire lomwelo, ndipo kusiyana kwake kunali kochepa kwambiri moti sikukanasintha ganizo lililonse. Pa chinthu chotchipa chotere, chimenechi chinandikhutiritsa.

Chokhumudwitsa choyamba ndinachipeza pa bokosi la mafyuzi, lomwe lili pansi pa dashibodi ku mbali ya dalaivala. DT830B ilibe kabelu kolira posonyeza kuti waya kapena fyuzi ndi yamoyo. Munthu ukakhala utagona chagada pansi pa dashibodi, manja onse awiri atagwira mawaya oyezera, sungathe kumayang'ananso sikirini yomwe ilibe nyali m'kati mwake. Ndinkachita kuitana mwana wanga kuti azindiwerengera manambala. Pali mchimwene wake wa malitimita imeneyi wotchedwa DT830D yemwe ali ndi kabeluko, ndipo mukazipeza zonse ziwiri pa shelefu, tengani ameneyo ngakhale mtengo utakwererapo pang'ono. Njira yomwe inandipeputsira ntchito inali yosiya mafyuzi m'malo mwawo, kutsegula kiyi, kuika waya wakuda pa chitsulo cha bodi, ndi kukhudza ndi waya wofiira timano tiwiri ta chitsulo tomwe timaonekera pa msana wa fyuzi iliyonse. Magetsi akapezeka mbali imodzi yokha, fyuziyo yapsa. Mafyuzi anga onse anali amoyo, koma ndinapeza ina yobiriwira ya 30A itaikidwa pomwe chivundikiro chikunena kuti payenera kukhala yofiira ya 10A. Ndinaichotsa nthawi yomweyo, chifukwa fyuzi yaikulu kuposa mlingo imalola waya kupsa m'malo mwake.

Mota ya fani ili ku mbali ya pasenjala, kuseri kwa kabokosi kosungiramo zinthu, ndipo pafupi nayo, m'njira ya mpweya, mwamangidwa rezisita yomwe imapanga masipidi otsika. Apa pali chinthu chomwe aliyense wokonza Toyota ya zaka zimenezo ayenera kuchidziwa, apo ayi malitimita idzamusokoneza m'malo momuthandiza. Magetsi amachoka ku batire kudzera pa rileyi (swichi yoyendetsedwa ndi magetsi) n'kufika pa mota mwachindunji, ndipo swichi ya pa dashibodi imalamulira mbali ya ethi, njira yomwe magetsi amabwererera ku batire kudzera mu chitsulo cha bodi. Mukasankha sipidi yotsika, njira yopita ku ethi imadzera mu rezisita, ndipo mota imazungulira pang'ono. Mukasankha sipidi yomaliza, rezisita imalambalalidwa. Ndi chifukwa chake fani yogwira pa sipidi yomaliza yokha imaloza ku rezisita kawirikawiri. Nditaimasula n'kuiyeza pa gawo la 200 ohm, sikirini inaonetsa nambala 1 yokha kumanzere, chomwe pa malitimita imeneyi chimatanthauza kuti njira yaduka. Nditaiyang'ana pa dzuwa ndinaona kuti kamodzi mwa timawaya take topiringizika kanali katapsa n'kuduka. Pa funso la mtundu umenewu, lakuti njira ilipo kapena palibe, DT830B imayankha mosakayikitsa.

Komabe rezisita yakufa sinkafotokoza chifukwa chomwe sipidi yomaliza inasiyira, ndipo apa ndi pomwe ndinataya tsiku lathunthu. Ndinazula pulagi ya mota, ndinatsegula kiyi ndi swichi, ndipo pa waya wobweretsa magetsi ndinapeza 12.4V. Ndinaganiza kuti magetsi akufika bwino ndipo mota ndi yomwe yafa. Ndisanapite kukafuna ina, ndinaitulutsa n'kuilumikiza ku batire ndi mawaya awiri, ndipo inazungulira. Nditaibwezera m'malo mwake, siinazungulire. Yankho linali m'kapangidwe ka malitimita yeniyeniyo. Poyeza ma volt, chipangizochi chimakoka magetsi ochepetsetsa, popeza kukana kwake kwa m'kati ndi pafupifupi ma ohm 1 miliyoni, kotero ngakhale waya atatsala ndi kaulusi kamodzi, kapena dzino la pulagi litadyeka ndi dzimbiri, sikirini idzaonetsabe 12V. Mota yomwe imafuna ma amp ambiri singadutsire pa kanjira kotereko. Nditayezanso pulagi ili yolumikizidwa ndipo swichi ili pa sipidi yomaliza, polowetsa nsonga ya waya woyezera kumbuyo kwa pulagiyo, nambala ija inagwa kufika pa 3V. Ndinatsatira wayayo chobwerera, ndikuyeza pa mfundo iliyonse, mpaka ndinafika pa soketi ya rileyi, pomwe mbali imodzi inali ndi 12V ndipo inayo inali ndi 3V. Dzino limodzi la soketiyo linali lobiriwira ndipo pulasitiki yozungulira inali itayamba kusungunuka ndi kutentha.

Chimenechi sindikuchiwerengera ngati cholakwa cha DT830B yokha, chifukwa malitimita zodula nazonso zimachita chimodzimodzi. Koma kapepala komwe kamabwera m'bokosi lake sikanena kalikonse pa nkhaniyi, ndipo wogula kachipangizo kotchipa nthawi zambiri amakhala munthu amene akuyamba kumene. Ndikulangiza ndi mtima wonse kuti aliyense wogula malitimita agulenso kapena apange tesita ya babu. Babu la indiketa la 21W lolumikizidwa ku mawaya awiri limakoka pafupifupi ma amp awiri, ndipo waya wodwala sangaliyatse mowala. Babu limakuuzani ngati magetsiwo ali ndi mphamvu, malitimita n'kukuuzani kuti akutayikira pati ndiponso ochuluka bwanji. Njira yomweyi yoyeza ma volt zinthu zili zoyaka ndinaigwiritsa ntchito pa mawaya a ethi: waya wakuda pa mutu wa negetivu wa batire, wofiira pa chitsulo cha bodi kapena cha injini, nyali ndi fani zili zoyaka. Nambala iyenera kukhala yochepa, yosapitirira 0.2V kwenikweni. Pa bodi ya pikiapu yanga ndinapeza yoposa theka la volt, ndipo nditapala dzimbiri pansi pa bauti ya ethi, nyali zakutsogolo zinawala kuposa mmene ndinazizolowerera.

Mota ija ndinaiphwasulabe, chifukwa rezisita siipsa popanda chifukwa. M'kati mwa fani munali mankhusu a chimanga ndi zinyalala zomwe mbewa zinakokeramo, ndipo shafiti inali yolimba potembenuza ndi dzanja. Rezisita imazizira ndi mpweya womwe fani ikukankha, kotero mpweya ukachepa ndipo mota ikamakoka magetsi ambiri chifukwa cholimba, rezisita imatentha mopitirira. Kuika yatsopano osatsuka fani ndi kutaya ndalama. Ndinatsuka, ndinadonthetsera oilo pang'ono pa mabushi, ndinadula dzino lowonongeka la soketi n'kuika latsopano, ndipo masipidi onse anabwerera.

Pa kuyeza ma amp ndi pomwe sindingailimbikitse DT830B. Bowo la 10A lilibe fyuzi, ndipo zimenezi zalembedwa pamenepo m'zilembo zing'onozing'ono zomwe ambiri saziwerenga. Fani ya hita pa sipidi yomaliza ingathe kukoka kufika kapena kupitirira ma amp khumi, pomwe mawaya oyezera omwe amabwera ndi malitimita imeneyi ndi opyapyala kwambiri m'kati. Choopsa chachikulu ndi kuiwala waya wofiira m'bowo la 10A kenaka n'kukhudza mitu iwiri ya batire pofuna kuyeza ma volt. Pamenepo malitimita imasanduka waya wolumikiza pozitivu ndi negetivu mwachindunji, ndipo batire la galimoto ya dizilo lili ndi mphamvu yokwanira kusungunula mawayawo m'manja mwanu. Ine ndinamata tepi pa bowolo, ndipo ndimaichotsa pokhapokha ndikayeza magetsi omwe akuthawa galimoto itazimitsidwa. Pa ntchito imeneyo inandithandiza, chifukwa ndinapeza kuti wailesi yomwe mwini wakale anailumikiza mwachindunji ku batire inkadya magetsi usiku wonse. Pikiapu yakale yopanda kompyuta siyenera kutaya zoposa 50mA itaima, ndipo poyeza ndi bwino kuyambira pa 10A musanatsikire pa 200mA, kuopa kupsereza kafyuzi ka m'kati.

Pa mahita pulagi inandithandiza theka. Hita pulagi yamoyo imakhala ndi kukana kochepa, pafupifupi ohm imodzi kapena kucheperapo, pomwe mawaya oyezera a malitimita yanga, ndikangowagunditsa okha, amaonetsa kale 0.4, ndipo nambalayo imasinthasintha malinga ndi mmene ndakanikizira. Kotero siingakuuzeni kuti pulagi iyi yafooka poyerekeza ndi inzake. Chomwe ingakuuzeni ndi chakuti pulagi yaduka kapena ayi, bola muyambe mwachotsa kachitsulo kolumikiza mapulagi anayiwo, chifukwa mukakasiya mudzakhala mukuyeza onse pamodzi ndipo wakufa adzabisala kumbuyo kwa amoyo. Ndinapeza imodzi yoduka, ndipo utsi woyera womwe unkatuluka m'mawa injini ikangolira unachepa nditaisintha.

Nkhani ya mpweya wofunda pang'ono inalibe chochita ndi magetsi, ndipo apa malitimita inakhala m'thumba. Hita ya galimoto imatenga kutentha kwake ku madzi a injini, omwe amadutsa mu karediyeta kakang'ono kobisika m'kati mwa dashibodi. Nditakhudza mapaipi awiri olowa ku khoma lolekanitsa injini ndi kabini, injini italira kwa nthawi, onse anali ofunda chabe, ndipo singano ya kutentha siinkakwera kufika pomwe iyenera. Nditamasula chivundikiro cha thermostat, kachipangizo kotsekera madzi kuti asapite ku rediyeta mpaka injini itatentha, ndinapeza m'kati mulibe kanthu. Ichi ndi chizolowezi chomwe chimandiwawa mtima: amakaniko ambiri kwathu kuno amachotsa thermostat ponena kuti dziko lathu ndi lotentha ndipo injini siifuna. Injini ya dizilo inapangidwa kuti izigwira ntchito madzi ake ali pa madigiri a pakati pa 80 ndi 90, ndipo ikamayenda yozizira imadya mafuta ambiri, imatha msanga, ndipo hita imasowa kutentha koti itenge. Potsika kuchokera ku Dedza usiku wa mu July, injini yopanda thermostat siitentha konse. Ndinaika yatsopano, ndinatsuka karediyeta kaja polowetsa madzi chobwerera ndi paipi mpaka matope ofiira atasiya kutuluka, ndipo ndinathira madzi osakaniza ndi kulanti, mankhwala oteteza dzimbiri, m'malo mwa madzi a pa mjigo okha omwe anabweretsa dzimbirilo. Ntchito imeneyi muichite injini itazizira, chifukwa madzi a mu rediyeta yotentha amathovoka n'kuwotcha nkhope ndi manja.

Patha miyezi isanu ndi itatu ndikuigwiritsa ntchito, ndipo kufooka kwa thupi lake kwaonekera. Waya wofiira unaduka pomwe umalowa mu chogwirira patangotha miyezi iwiri, ndipo ndinachita kuwotcherera ndi mtovu. Chopotokola chimalowa fumbi, ndipo nthawi zina ndimayenera kuchipotokola uku ndi uku kangapo kuti nambala ikhazikike. Siizima yokha, kotero mukaiwala kuibwezera pa OFF mudzapeza batire latha. Choyenera kusamala nacho kwambiri ndi chakuti batire la 9V likafooka, malitimita imeneyi imayamba kuonetsa manambala okwera kuposa enieni. Tsiku lina inandionetsa zoposa 15V injini ikulira, ndipo ndinayamba kukayikira alitaneta, koma nditaona kachizindikiro ka batire pa ngodya ya sikirini n'kusintha batirelo, nambala inabwerera pa 14.1V. Nambala iliyonse yodabwitsa muziyamba mwaikayikira poyang'ana kachizindikiro kameneko. Ndiponso, ngakhale pa nkhope yake palembedwa 750V ya magetsi a m'nyumba, ine sindingaiike pa soketi ya 230V kapena pa bokosi la magetsi a m'nyumba, chifukwa mawaya ake ndi zotetezera zake za m'kati sizindipatsa chikhulupiriro pa magetsi omwe angaphe munthu. Malo ake ndi pa 12V.

Kwa wokonza zamagetsi amene amadyera ntchito imeneyi tsiku ndi tsiku, DT830B ndi yochepa, ndipo ayenera kusunga ndalama n'kugula mita yokhala ndi fyuzi pa bowo la ma amp, kabelu, ndi mawaya olimba. Kwa mwini pikiapu yakale amene amakhala kutali ndi tauni ndipo akufuna kudziwa ngati vuto lili pa batire, pa alitaneta, pa fyuzi kapena pa waya asanaitane munthu, ndikuilimbikitsa, bola igulidwe pamodzi ndi babu loyezera ndi batire lina la 9V losungira. Pa ntchito yonse ya hita ndinasintha zipangizo zitatu zokha, rezisita, thermostat ndi dzino la soketi, ndipo mota yomwe ndinatsala pang'ono kuitaya ikuzungulirabe. Tsopano ndikanyamuka ku Dedza, ndisanafike pa Linthipe galasi limakhala litayera lonse. Ntchito yomwe yatsala ndi mawaya a nyali zakumbuyo, omwe amadutsa pansi pa bodi pomwe matope amamatirira, ndipo ndikufuna kuwatsata mfundo ndi mfundo mvula ya mu November isanayambe.